Amayeza bwanji zitsamba mu labu kuti zimatseka ma enzyme?

WakuChilomoni:
Anzanga ndithandizeni. Amayi ali ndi shuga, amamwa metformin koma pano ayambanso kuwiritsa makungwa a mvunguti omwe anagula ku Limbe, wogulitsayo akuti mtengowu unayezedwa kale umatseka ma enzyme. Kutsekako ndi chani kwenikweni, nanga amayeza bwanji? Ndikuopa angasiye mapilisi.

WaFamase_BT:
Achimwene, tikadya nsima sitachi uja salowa m'magazi choncho, pali ma enzyme, timankhwala tachilengedwe ta m'thupi tofulumizitsa ntchito ngati kugaya chakudya, monga alpha-amylase wa m'malovu ndi alpha-glucosidase wa m'matumbo amene amamuphwanya mpaka akhale shuga. Ukawachedwetsa shuga sakwera msanga munthu akadya, ndi mmene amagwirira mapilisi ena a shuga otchedwa acarbose. Mu labu amaumitsa makungwa kapena masamba pamthunzi, kusinja, kuviika mu methanol kapena m'madzi, kusefa kenako kuumitsanso kuti patsale kaphala, akatero amasakaniza kaphalako ndi enzyme ndi mankhwala otchedwa pNPG omwe amasanduka achikasu enzyme ikawadula. Chikasu chikachepa ndiye kuti yatsekekadi. Nambala yomwe amalemba ndi IC50, mlingo wotsitsa ntchito ya enzyme ndi theka, ikachepa ndiye kuti chitsambacho ndi champhamvu.

Mayi_a_Ndirande:
Zoona, koma zimenezo zachitikira mu kabotolo osati m'thupi la amayi anuwo. Makungwa ambiri ali ndi ma tannin, zija zimathethetsa lilime, ndipo amamatirira pafupifupi enzyme iliyonse ndiye zotsatira zimaoneka zokoma pomwe palibe chapadera. Komanso kutseka enzyme sikutanthauza kuti ndi zabwino ayi, ombwe amene anthu amaphera nsomba ali ndi rotenone, nayenso amatseka enzyme yomwe maselo amapangira mphamvu, nchifukwa nsomba zimayandama. Pakufunika kuyeza ngati sizikuwononga chiwindi ndi impso, kuyesa pa mbewa, kenako pa anthu. Ndipo metformin ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa shuga wotuluka kuchiwindi, njira ina kotheratu, chonde asasiye.

BamboWakuZingwangwa:
Ine sindifuna tizinyoza zitsamba, galantamine wa matenda oiwalaiwala a Alzheimer anachokera ku maluwa a snowdrop ndipo amatseka enzyme ya acetylcholinesterase, anayamba chonchi ndithu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi makungwa apamsika, atasendedwa kale ungadziwe bwanji kuti ndi mvunguti weniweni? Ofufuza amayamba apititsa nthambi ku National Herbarium ku Zomba, komwe kuli akatswiri ozindikira zomera, kuti dzina litsimikizike, nanga poti dzina limodzi lachichewa nthawi zina limatchula mitengo iwiri. Ana athu aku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, atati apatsidwe ndalama zokwanira ayende ndi asing'anga ku Mulanje ndi Michiru, tingadziwe zambiri.

WakuChilomoni:
Zikomo nonse. Tsiku lawo lakukiliniki ya shuga ndiwaperekeza, ndipo makungwawo tinyamula kuti adokotala awaone.