Ndithandizeni pa kaphikidwe ka Lowcountry boil ya anthu 40

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munaphikapo chakudya chimene kuno ku South Carolina amachitcha Lowcountry boil kapena Frogmore stew, chomwe shrimp (tinyama ta m'nyanja ta mtundu wa nkhanu), soseji, mbatatesi ndi chimanga chachiwisi zimawiritsidwa mu poto mmodzi wa madzi othira zokometsera za Old Bay. Mpingo wathu wandisankha kuti ndiphikire anthu 40 mwezi wamawa, ndipo ndabwereka poto wa malita pafupifupi 57 ndi chitofu cha gasi chophikira panja.

Ndondomeko yake ndikuidziwa: mbatatesi zimayamba chifukwa zimachedwa kupsa, kenako soseji ndi chimanga, shrimp n'kubwera pomaliza. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi shrimp yomweyo. Pophikira banja imapsa pa mphindi 3 zokha, koma ndikathira makilogalamu 9 a shrimp yozizira nthawi imodzi, madzi adzasiya kuwira, ndipo ndikuopa kuti podikira kuti awirenso idzakhala italimba ngati mphira, pamene ndiyo yadya ndalama zambiri pa zonse zimene tagula. Kodi mphindizo mumayamba kuwerenga mukangoithira, kapena mumazimitsa moto n'kuvundikira kuti ipse ndi kutentha kwa madzi? Nanga si bwino kuphika maulendo awiri m'madzi omwewo, ngakhale kuti mchere umanka nuwonjezeka madzi akamaphwera?

Palinso alendo awiri amene shrimp imawawenga. Ndikuganiza zowaphikira mu poto wawo ndi chipande chawo, koma sindikufuna kuti msuzi wawo ukhale wosakoma, choncho ndiuzeni chimene mumaikamo m'malo mwake.