Funso: niobium sakusonkhana pakati pa maselo mu phase-field ya Inconel 718

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikuyerekezera pa kompyuta, ndi njira ya phase-field, mmene Inconel 718 (chitsulo chosakaniza cha nickel) imaumira laser ikasungunula ufa wa chitsulo. Ndaitenga ngati Ni (nickel) ndi Nb (niobium) basi, Nb 5 peresenti polemera, k = 0.48 (Nb wa m'cholimba kugawa ndi wa m'chamadzimadzi pamalire), m = -10.5 K pa peresenti (mmene Nb amatsitsira kutentha koyambira kuuma), D = 3×10⁻⁹ m²/s (diffusion, kufalikira kwa Nb m'chamadzimadzi). Ndikugwiritsa ntchito model ya Echebarria ndi Karma ya 2004 mu pulogalamu ya MOOSE, 2D, G = 10⁷ K/m (kusintha kwa kutentha pa mita), V = 0.1 m/s (liwiro la kuuma), W = 50 nm (kukhuthala kwa malire a cholimba ndi chamadzimadzi mu model). Maselo (timizati ta chitsulo cholimba tomwe timamera pouma) akutuluka bwinobwino, koma Nb wa m'kati mwa selo ali pafupi kwambiri ndi 5 peresenti, ndipo pakati pa maselo sakukwera mpaka poti Laves (phase yodzala ndi Nb) n'kupangika. Kodi ndi solute trapping (malire kumeza Nb chifukwa cha liwiro) yeniyeni kapena ndalakwitsa penapake?

Woyankha woyamba: Achimwene, yambani mwawerengera D/V. Pa liwiro lanulo ndi 30 nm, pomwe W yanu ndi 50 nm. Ndiye kuti malire a cholimba ndi chamadzimadzi ndi okhuthala kuposa kadera komwe Nb amaunjikana kutsogolo kwake. Malirewo amangomeza Nb asanathawire m'chamadzimadzi, k n'kumaoneka ngati ikuyandikira 1. Trapping imeneyo yabwera ndi W yanu.

Anti-trapping current ya Karma ya 2001, ija ya 1/(2√2), imakonza vutoli pokhapokha WV/D ili yochepa kwambiri kuposa 1. Yanu ndi 1.7. Tsitsani W kufika 10 nm, kenako 5 nm, dx (kukula kwa kabokosi ka mesh) ikhale 0.8W. Mukasintha W musaiwale kuwerengeranso ma parameter a model, λ = 0.8839W/d₀ (d₀ ndi capillary length) ndi τ₀ = 0.6267λW²/D, apo ayi mwalowetsa kinetics mosadziwa. Nb wa pakati pa selo akasiya kusintha pamene W ikuchepa, mwafika. Akamasinthabe, zotsatirazo musazikhulupirire, ngakhale chithunzi chikongole bwanji.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Koma pa 5 nm mesh ikukula mosaneneka. Ndidule domain, dera lomwe ndikuyerekezeralo?

Woyankha woyamba: M'lifupi mutha kudula, bola maselo asanu kapena kuposerapo akwane kuti adzisankhire okha mpata. Kutalika ayi. ΔT₀ yanu, kusiyana kwa kutentha koyambira ndi kothera kuuma, ndi pafupifupi 57 K, mukagawa ndi G mupeza 5.7 μm. Nb wambiri amakathera pansi pa timipata tamadzimadzi ta pakati pa maselo, pomwe pamauma pomaliza. Domain ikafupika, mwadula malo omwewo amene mukuwafuna. Ikani 10 μm kapena kuposa, domain iziyenda ndi malire, ndipo adaptive mesh ya MOOSE izikhala yothina pamalire pokha.

Woyankha wachiwiri: Ndionjezeko, chifukwa trapping yeniyeni ilipo ndithu. V si imodzi m'dziwe lonse losungunuka. Ndi liwiro la laser kuchulukitsa ndi cos θ (θ ndi ngodya ya pakati pa komwe laser ikulowera ndi komwe malire akulowera): pansi pa dziwe ili pafupi ndi ziro, kumtunda chakumbuyo imayandikira liwiro la laser. Ndi manambala anuwo komanso Γ (Gibbs-Thomson coefficient) = 3.65×10⁻⁷ K·m, DΔT₀/(kΓ) ikupereka pafupifupi 1 m/s, liwiro lomwe maselo amazimiririka, malire n'kukhala osalala. Mukamayandikira pamenepo, model imene imaumiriza equilibrium pamalire siyenera. Apa k iyenera kutsata V monga mu formula ya Aziz ya solute trapping, yomwe imafuna V_D, liwiro la diffusion pamalire. G ndi V zitengeni awiriawiri kuchokera ku thermal model, malo atatu kapena anayi m'mphepete mwa dziwe.

Za Laves, model yanu ili ndi solid imodzi yokha, ndiye singaipange ngakhale mutatani. Chomwe mungachite n'kuona pomwe chamadzimadzi chafika Nb pafupifupi 19 peresenti, n'kufanizira ndi mawerengero a kaumidwe a Scheil a mu pulogalamu ya Thermo-Calc okhala ndi Mo (molybdenum), Ti (titanium) ndi C (carbon). Mukafuna Laves ndi NbC (niobium carbide) zioneke pachithunzi, pafunika pulogalamu ya multiphase ngati MICRESS.

Woyankha wachitatu: Mukufanizira ndi muyeso uti, bambo? Maselo a chitsulo chotere safika 1 μm m'lifupi, ndipo EDS (njira yoyezera ma element) ya pa SEM (scanning electron microscope) pa 20 kV imawerenga dera lalikulu ngati selo lonselo. Imasakaniza pakati ndi m'mphepete, Nb n'kuoneka wofanana paliponse. Model yolakwika ija ingagwirizane ndi muyeso woterewu, inu n'kukondwa pachabe. Dulani kachidutswa kopyapyala ndi FIB (focused ion beam), muyeze ndi STEM-EDS (EDS ya pa microscope yoona tizigawo tating'ono kwambiri) modutsa maselo, pa chitsulo chomwe sichinalowe mu ng'anjo.

Wofunsa: Muyeso womwe ulipo ndi wa SEM womwewo. Ndiyamba ndi W = 10 nm usiku uno. Kodi alipo amene ali ndi V_D ya Nb mu Ni yomwe amaidalira?