Kabati ya mtengo wa ku India yafumbwa: tiikepo thabwa lanji?

A Phiri, Kapata:
Akuluakulu anzanga pa ntchito ya matabwa, ndikupempha nzeru. Banja lina kuno ku Chipata landibweretsera kabati yakale imene agogo awo anachoka nayo ku India, ndipo akuti inapangidwa ndi mtengo umene kumeneko amautcha chilbil. Thabwa lake ndi lachikasu chotuwira. Miyendo iwiri yakumbuyo yafumbwa, moti ndikagogoda ndi nyundo, m'timabowo tating'ono mukutuluka ufa wosalala. Eni ake akufuna kuti pokonzedwapo pasaonekere. Kodi mukwa ungathandize?

A Banda, Katete:
Mukwa ayi, a Phiri. Mtima wake ndi wofiirira ndipo uli ndi mizere yoonekera patali, choncho chigambacho chidzaonekera ngakhale mutapaka vanishi kangapo. Mtengo wa chilbil umene mukunenawo dzina lake la sayansi ndi Holoptelea integrifolia. Umamera m'madera otentha a India, Sri Lanka ndi Myanmar, umatha kutalika mamita 25, umayoyola masamba m'chilimwe, ndipo mbewu zake ndi zaphanthiphanthi zokhala ndi phiko lozungulira, pafupifupi ngati za mukwa wathu koma zazing'ono ndi zopanda minga. Thabwa lake silisiyanitsa mtima ndi kunja, ndipo silipirira tizilombo, n'chifukwa chake lafumbwa. M'bale wake wa mu Africa, Holoptelea grandis, amene amalonda amamutcha kekele, amamera m'nkhalango za ku Congo ndi Uganda, koma musataye nthawi kumufunafuna kuno.

A Tembo, Petauke:
Ine ndinganene malaina. Nawonso kwawo ndi ku India komweko, mtundu wake ndi wotuwira mofananako, ndipo ukauma bwino supindika. Chovuta n'chakuti umachedwa kwambiri kuuma mkati, choncho musagule thabwa longochekedwa kumene. Funani limene lakhalitsa pamthunzi, mudule kachidutswa, mukapake vanishi, ndipo mukayerekeze ndi kabatiyo panja dzuwa likuwala musanayambe kupala miyendo.

A Zulu, Mchini:
Nonse mwathamangira ku mtundu wa thabwa, koma ufa umene ukutulukawo ukusonyeza kuti mwina mphutsi zikadali moyo mkati. Mukalumikiza miyendo yatsopano musanaziphe, kabatiyo idzabwerera kwa inu, ndipo dzina loipa lidzakhala lanu. Sesani pansi, yalani pepala loyera, ndipo muone pamene ufa watsopano ugwere. Kutentha kumazipha: matabwa onyamulira katundu wopita kunja amawatenthetsa mpaka mkati mwake mufike madigiri 56 kwa mphindi 30. Ndiye kabatiyo ikulungeni m'pulasitiki yakuda, muiike padzuwa la mu Okutobala.

A Banda, Katete:
Pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono, a Zulu. Kabati yakale chotero mwina inamatidwa ndi guluu wa zikopa, amene amafewa akatenthedwa, ndipo polumikizira pangamasuke. Ndi bwino kuchotsa miyendo yofumbwayo n'kuiwotcha, kenako kuthira mankhwala a matabwa m'bowo lililonse lotsala pogwiritsa ntchito jakisoni, mutavala magolovesi komanso muli pamalo opita mphepo.

A Phiri, Kapata:
Zikomo kwambiri nonse. Nditsatira njira ya jakisoni, ndipo pepala la a Zulu ndiliyala lero lomwe. Miyendo ya malaina ndidzailumikiza pokhapokha ufa utaleka kugwa, ndipo eni ake ndiwafotokozera chifukwa chimene ntchitoyi ichedwereko.