Makampani amathandizadi aluso kapena amangofuna banala yawo ioneke?

Nabanda_wa_Kawale:
Abale ndithandizeni nzeru. Tili ndi kagulu ka zisudzo kuno ku Kawale, tilipo 9, tinayamba tili ku sekondale ndipo mpaka pano timapanga prakatisi pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Chaka chatha tinafuna kukaonetsa sewero ku holo ya zisudzo ya Madsoc ndiye ndinalemba makalata ku makampani asanu, ndinayenda wapansi City Centre yonse dzuwa lili pamutu. Anayi sanayankhe olo. Imodzi inatiitana, tinasangalala mpaka wina anabwereka jekete, kufika kumeneko anatipatsa ma T-shirt 20 ndi chibanala chachikulu choti tikamangirire kutsogolo kwa steji, ya holo ayi, ya transipoti ayi. Tsiku la shoo anatumiza munthu wa kamera, mawa lake tikuona zithunzi zathu pa Facebook yawo akuti akutukula luso la achinyamata kkkk pomwe holo tinalipira ndi ndalama ya chipereganyu cha mayi anga. Kodi ndi mmene zimakhalira kapena ndife amene sitikudziwa kapemphedwe kake?

Mjomba47:
Pepani achemwali koma ndi mmene zilili. Tangoonani kumpira, kuli Airtel Top 8, FDH Bank Cup, Castel Challenge Cup, makampani akuchita kulimbirana. Bwanji? Chifukwa Bullets ikamasewera ndi Silver pa Bingu Stadium anthu amadzadza, mawailesi onse amatchula dzina la kampani mphindi 90 zonse. Inu sewero lanu mu holo mulowa anthu angati? Iwowa amawerengera maso a anthu basi, sikuti ndi a chifundo.

DadaWaMaPoster:
Ine ndinagwirapo ntchito ku marketing zaka zingapo ndiye ndikuuzeni zomwe zimachitika mkatimo. Makalata opempha thandizo amabwera mulu sabata iliyonse, a mpingo, a netiboli, a ukwati omwe, ndipo ambiri amalembedwa ngati odandaula, "ndife achinyamata ovutika tithandizeni", bwana amangowerenga mzere woyamba n'kuika pambali. Chomwe amafuna kuona ndi choti anthu abwera angati, amsinkhu wanji, dzina lathu lioneka pati, mutitchula kangati. China, bajeti ya chaka imakhala itagawidwa kale, inu mukabwera kwatsala masabata awiri shoo ichitike palibe angasaine cheke, chomwe chimatsala mu stoo ndi ma T-shirt omwewo ndi mabanala, ndiye mwaona komwe anachokera anuwo.

Ndiye nkhani ya mapepala. A akaunti sangatulutse ndalama kupita pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu, amafuna gulu lolembetsedwa, akaunti ya kubanki ya gululo, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, invoisi. Ndinaonapo bandi ina yabwino zedi itataya mwayi chifukwa inalibe olo chimodzi mwa zimenezi. Sindikuikira kumbuyo makampani ayi, zokujambulani n'kumatchuka nazo osakupatsani kanthu ndi kuba ndithu, koma tsiku lina musadzalole banala ikwere musanagwirizane polemba kuti akupatsani chani.

Nabanda_wa_Kawale:
Eeh achemwali apa mwanditsegula maso, ife TPIN tilibe, akaunti ndi ya ine ndemwe. Koma kulembetsa gulu nakonso ndi ndalama, ndiye tiyambira pati?

Che_Phiri_Area25:
Mwana wanga, ine ndakhala ndikusema ziboliboli kuyambira kale, ndimagulitsa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town. Oimba bola, amaitanidwa kukakhala ma ambasada, nkhope zawo zili pa zikwangwani mumsewu, Chibuku inkachititsa mpikisano wa Road to Fame mabandi akumaboma n'kumveka. Ife osema ndi ojambula amatikumbukira pokhapokha bwana wina akupuma pantchito akufuna mphatso, ndiye amabwera kudzanenerera mtengo ngati akugula tomato ku Lizulu. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 penti, vanishi, sandipepa zonse zinakwera, koma mtengo wa chiboliboli akufuna ukhale womwewo wakale. Hotelo imodzi itangoganiza zogula zithunzi za m'zipinda zake kwa ife m'malo moitanitsa zosindikiza kunja, mabanja angapo angadye chaka chonse. Ine thandizo lomwe ndimafuna ndi limenelo, andigule pamtengo woyenera.

Mjomba47:
Akuluakulu mwanena zoona. Komanso ndalama ya kampani imatsata chikondwerero, osati ntchito yokonza luso. Onani Lake of Stars yomwe inayamba 2004, Sand Music Festival ya malemu Soldier Lucius Banda, Tumaini ku Dzaleka kuyambira 2014, kumeneko ma logo mumawaona chifukwa kuli khamu. Koma miyezi itatu yomwe wolemba sewero amakhala akulemba, anyamata akupanga prakatisi ndi njala, palibe amalipira imeneyo chifukwa siijambulika.

DadaWaMaPoster:
@Nabanda yambani ndi pafupi. Osathamangira mabanki, pitani kwa wa hardware kapena wa lodge wa m'dera lanulo, uyo akupatsani matabwa a steji, wina basi yonyamula anthu, mukatero mujambule holo itadzadza muwerenge matikiti, chaka chamawa mukapita ku kampani yaikulu muli ndi umboni m'manja. Kaonaneninso ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, mulembetse masewero anu ndipo mufunse za thumba lawo lothandizira aluso, kuti pomwe mukukambirana ndi kampani musakhale kuti mukudalira iyo yokha.

Nabanda_wa_Kawale:
Zikomo nonse. Loweruka tikumana pansi pa mtengo paja ndiwauza anzanga za kulembetsaku. Chibanala chija chilipobe, mayi anga akuyanikapo ufa.