Ntchito ili ku Johannesburg, mtima uli ku Pretoria: ndikakhale kuti ndi ana?

Nabanda:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonse ino, ndipo ndikupempha makamaka inu amene mwakhalako ndithu ku Gauteng, chigawo chimene muli mizinda ya Johannesburg ndi Pretoria, osati ongodutsa.

Ndapeza ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Rosebank, mu Johannesburg, ndipo chilolezo chogwirira ntchito chatuluka kale. Ndiyamba mu Januwale. Ndinyamuka ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 9, wamng'ono wa zaka 4. Bambo awo adzatipeza pakati pa chaka.

Koma mtima wanga unatsalira ku Pretoria. Ndinakachezako masiku khumi mu Okutobala chaka chatha, kwa mnzanga amene amakhala ku Arcadia. Inali nthawi imene mitengo ya jacaranda yachita maluwa, ndipo maluwawo anali atayoyokera m'misewu ngati wina wayala nsalu. M'mawa uliwonse ndinkakwera wapansi kupita ku Union Buildings, n'kukhala pa kapinga pafupi ndi chiboliboli chachikulu cha Mandela chotambasula manja chija, mzinda wonse uli m'munsi phee. Ndinkaona amayi akuyenda ndi ana awo mosathamanga, ndipo ndinadziuza kuti ana anga angakule bwino pamalo ngati pano.

Ku Joni (Johannesburg) ndinapitako tsiku limodzi lokha. Ndinatsikira ku Park Station, ndipo nditangotuluka panja ndinakumana ndi mahutala a mataxi, anthu akukankhana, aliyense atakumbatira chikwama chake pachifuwa. Ndinabwerako mutu ukuwawa.

Ndiye ndikuganiza zochita lendi ku Pretoria pafupi ndi siteshoni ya Hatfield, ndizikwera sitima ya Gautrain kupita ku Rosebank tsiku ndi tsiku. Mtunda wake sukwana makilomita 60. Mnzanga uja akuti n'zotheka, koma iye ofesi yake ili pafupi, amayenda wapansi. Ndiuzeni zoona, abale anga: zimene ndinaonazo ndi moyo weniweni wa kumeneko, kapena ndinangoona ndi maso a mlendo?

Bambo Phiri wa ku Midrand:

Mayi Nabanda, zikomo pofunsa musanasaine pepala la nyumba. Zimene mukuganizazo ine ndinazichita zaka zitatu, ndikukhala ku Pretoria, ntchito ili ku Sandton, ndiye ndiyankhula zimene zinandichitikira.

Sitimayo payokha ilibe vuto. Ndi yaukhondo, kawirikawiri imasunga nthawi, ndipo kuchokera ku Hatfield kukafika ku Rosebank ndi mphindi pafupifupi 40. Imaima pa Pretoria, Centurion, Midrand, Marlboro ndi Sandton musanafike kwanuko. Munthu ukamva mphindi 40 umati n'zochepa. Koma onjezerani ulendo wochoka pakhomo kukafika pa siteshoni, kudikira sitima, ndi kuyenda kuchoka pa siteshoni kukalowa mu ofesi. Kwa ine zonse pamodzi zinkakwana ola ndi theka kupita, ola ndi theka kubwerera. Maola atatu pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Ndalama ya tikiti pa mwezi inkadya yonse imene ndinkati ndapulumutsa pa lendi.

Nanga m'nyengo yozizira? Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, n'kulowa isanakwane hafu pasiti 5. Ndinkachoka kuli mdima, kubwerera kuli mdima. Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 5 nthawi imeneyo, ndipo pakati pa sabata ndinkangomuona ali m'tulo.

Chimene chinandichotsa ku Pretoria ndi tsiku limodzi. Anandiimbira kusukulu kuti mwana watentha thupi kwambiri, akusanza. Mayi ake anali pa ulendo. Mnzanga wa kuntchito anandibwereka galimoto, ndinalowa mu msewu waukulu wa N1, ndipo cha ku Midrand ndinapeza ngozi yatseka njira. Ndinakhala pamenepo maola awiri, foni ili m'manja, osatha kuchita kanthu. Mwanayo anachira, koma mwezi womwewo ndinayamba kufunafuna nyumba ina.

Inu mukhala nokha ndi ana awiri kwa miyezi ingapo. Mwana wa zaka 4 akadwala masana, kapena abwana akakusungani mpaka usiku chifukwa cha malipoti a kumapeto kwa mwezi (ndipo pa ntchito yanuyo zimenezi sizilephera), adzakamutenga ndani? Sitimayonso siyenda usiku wonse. Yankhani funso limeneli kaye, zamaluwa zibwere pambuyo.

Anaphiri_Pitori:

Achemwali, bambo Phiri anena zoona pa nkhani ya ulendo, sindingatsutse. Koma ndisalole kuti muganize kuti zimene munaona ku Pretoria zinali maloto. Ndakhala kuno zaka zisanu ndi zitatu ndipo sindingasamuke.

Kufatsa kumene munakuonako n'kwenikweni, ndipo kuli ndi chifukwa chake. Mizinda iwiriyi inabadwa mosiyana. Pretoria anaukhazikitsa mu 1855, ndipo kuyambira kalekale wakhala mzinda wa boma. Mpaka lero maunduna ali kuno, ofesi ya pulezidenti ili ku Union Buildings, maofesi a akazembe a mayiko ambiri ali kuno, kuphatikizapo mayunivesite akuluakulu monga University of Pretoria ndi UNISA. Anthu ambiri ndi ogwira ntchito m'boma ndi ophunzira, oweruka pa nthawi yake. Johannesburg unayamba mu 1886 golide atapezeka, anthu anakhamukirako kudzasaka ndalama, ndipo mtima umenewo sunathe. Kumeneko aliyense ali pa liwiro.

Nyengonso ndi yosiyana ngakhale mizindayi ili pafupi. Joni ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, pamene ife tili m'chigwa, cha m'ma 1,300. Ndiye kuno kumafundirako m'nyengo yozizira, koma mu Disembala ndi Januwale kumatentha koopsa, mpweya osayenda chifukwa cha mapiri otizungulira.

Ziwiri zokha ndikuchenjezeni. Choyamba, Arcadia wa kufupi ndi Union Buildings si Pretoria yense. Mukangotsika pang'ono kulowa mu Sunnyside mupeza phokoso ndi kuthithikana kofanana ndi kumene munathawa ku Park Station, ndipo foni kumeneko musamayende nayo m'manja. Hatfield nayenso ndi dera la ana a sukulu a ku yunivesite, Lachisanu usiku simugona msanga. Chachiwiri, chinenero. Kuno pa taxi ndi pamsika mumva Sepedi, Setswana ndi chosakaniza chawo chimene amati Sepitori, komanso Afrikaans. Ku Joni Chizulu ndiye chimamveka kwambiri, ndipo kwa ife chimagwirika msanga chifukwa mawu ambiri amayandikira kwathu. Ine zinanditengera chaka kuti ndizitha kuuza dalaivala pamene ndikutsikira popanda anthu kutembenuka.

Mukafunitsitsa mbali ya kuno, yang'anani ku Centurion. Kuli siteshoni yake, ndipo mwadulako kale gawo la ulendo.

Mjomba_wa_ku_Joni:

Amayi, ndikhululukireni, koma mwaweruza mzinda wa anthu oposa 4 miliyoni ndi khomo limodzi la siteshoni. Park Station ndi pamene pamatsikira mabasi ochokera m'mayiko onse ozungulira, sitima ndi mataxi. Aliyense wofika pamenepo koyamba amachita mantha, inenso ndinachita.

Kumene mukagwire ntchitoko ndi dziko lina. Rosebank ndi amodzi mwa madera ochepa mu Joni amene munthu amayenda wapansi mtima uli m'malo. Kuzungulira pamenepo kuli Parkwood, Saxonwold, Parkview, Killarney, misewu yake yokutidwa ndi mitengo, ndipo mu Okutobala jacaranda yemweyo amachita maluwa kumenekonso. Ambiri sadziwa zimenezi chifukwa dzina la mtengowo linapita kwa Pretoria. Zoo Lake ili pomwepo, Loweruka mabanja amakayala mphasa m'mbali mwa madzi, ana akudyetsa abakha. Lendi ya m'madera amenewa ndi yokwera, sindinama, koma mukapita chakumadzulo pang'ono, ku Linden kapena ku Randburg, mupeza mafulati otsikirako mtengo, ndipo mukhalabe kufupi ndi ntchito.

Zoipa zake ziliponso. Madzi amatha kusowa masiku angapo m'madera ena, maloboti amafa, ndipo mipanda yaitali ya mawaya a magetsi imachititsa kuti munthu ukhale chaka osamudziwa woyandikana naye. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Koma ganiziraninso za bambo a ana. Akadzafika adzafuna ntchito, ndipo ntchito za m'boma za ku Pretoria n'zovuta kuti mlendo azipeze. Kumeneko kuli mafakitale a magalimoto ku Rosslyn ndi ku Silverton, inde, koma mabanki, makampani akuluakulu ndi msika wa masheya zili kuno ku Sandton ndi madera oyandikira.

Ndipo kwa mlendo, Joni ali ndi zambiri zimene simunaone. Ku Constitution Hill, ku Braamfontein, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko analimanga pamalo pa ndende yakale imene anatsekeramo Gandhi ndi Mandela, ndipo njerwa zina za ndendeyo anamangira khotilo. Ine nditalowa m'zipinda za akaidi zija ndinatuluka osayankhula. Kuli Apartheid Museum, kuli Soweto, msewu wa Vilakazi ndi chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana amene anaomberedwa pa 16 Juni 1976. Mwana wanu wa zaka 9 wafika poti angamvetse zimenezi.

Mayi a Chiku:

Ine langa ndi la sukulu basi. Chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, mwezi womwe mukuyamba ntchitowo, ndipo sukulu za boma ku Gauteng zimayang'ana kwambiri adiresi, ya kunyumba poyamba, ya kuntchito pambuyo. Malo amadzaza msanga. Musadikire kufika. Yambani lero kulembera sukulu, mufunsenso ngati amasunga ana akaweruka komanso amatseka nthawi yanji madzulo. Kumene mwana wapeza malo, nyumba mukaifunire kumeneko.

Nabanda:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa mmene mukuganizira.

Bambo Phiri, nkhani ya mwana wanu ndaiwerenga kawiri. Wamng'ono wangayu ali ndi chifuwa cha mphumu, ndipo sindinachiike n'komwe m'masamu anga. Ndinkawerengera mphindi za sitima ngati kuti tsiku lililonse lidzakhala labwinobwino. Ndakumbukanso kuti masiku khumi aja ndinalibe mwana woti ndimudzutse, ndinalibe abwana ondidikira. Ku Union Buildings ndinkapitako 9 koloko m'mawa, nthawi imene chaka chamawa ndidzakhala nditakhala kale pa desiki. Kapinga ujayo ndikanamamuona Lamlungu lokha, ngakhale nditakhala pafupi naye.

Anaphiri, mawu anu andikhazika mtima pansi kuti sindinanamizidwe ndi maso. Za Centurion ndaziganizira, koma zikundisiyabe kutali ndi ana masana onse, ndiye pakadali pano ndazisiya. Mwina bambo awo akadzafika, tikadzaona kumene ntchito yawo yagwera, tidzakambirananso.

Mjomba, ndavomera kuti ndinafulumira kuweruza. Usiku wathawu ndinakhala pa mapu kuyang'ana Linden ndi Parkview, ndipo ndalembera kale sukulu ziwiri monga ananenera mayi a Chiku. Mantha a Joni sanathe, ndisaname. Nkhani ya mipanda ija ndiyo ikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ana anga anazolowera kutuluka n'kukasewera ndi anzawo popanda kupangana tsiku.

Ndiye ndifunsenso inu amene muli ndi ana ku Joni: anzawo amawapeza kuti? Kusukulu kokha, kapena m'mafulati muja ana amasewera limodzi pabwalo? Ndipo pa nkhani ya mphumuyi, kuzizira ndi kuuma kwa mpweya mu Juni ndi Julaye kumawavuta bwanji ana? Ndikufuna ndidziwe zoti ndikonzekere ndisananyamuke.