Bedford yakale ikudontha oyilo pa fyuluta

Dalaiva wa ku Bvumbwe: Akuluakulu thandizeni, lole yanga ya Bedford MK ija inali ya asilikali ikudontha oyilo pomwe adaputa ya fyuluta imagundana ndi injini, fyuluta ndasintha koma ikudonthabe makamaka m'mawa kukakhala chiperoni.

Makaniko wa ku Luchenza: Achimwene masulani fyuluta muone ngati labala wa fyuluta yakale sanatsalire mkati, akakhala awiri amatayitsa basi. Gasiketi ya adaputa nayonso imauma ikakhalitsa, palani bwinobwino muike yatsopano, silikoni ayi chonde amakatseka njira za oyilo.

Wa ku Chitakale: Za m'mawazo ine ndikukayikira relief valve, valavu ija imachepetsa mphamvu ya oyilo ikachuluka, ikakakamira oyilo wozizira amakankha mwamphamvu. Tsukani pomwe pakudonthapo ndi palafini, muwazepo ufa, mulize injini muone pomwe payambe kunyowa. Bawuti osamangitsa, adaputa imang'aluka.