Ndikungosanza chichitireni opaleshoni yochepetsa thupi, amene munadutsamo ndithandizeni

Wosatchula dzina: Admin chonde ndibisireni dzina muno muli abale anga. Moni nonse. Ine ndinachitidwa opaleshoni ija yochepetsa thupi ndipo poyamba zimayenda bwino ndithu, sikelo imatsika, mawondo anasiya kuwawa pokwera masitepe, koma pano ndikungosanza. Ndikadya timasipuni tochepa chakudya chimaima pachifuwa apa, malovu amadzadza mkamwa kenako zonse zimabwerera, masiku ena ngakhale madzi. Ndiye kunyumba kuno palibe akundimvetsa, mlamu wanga amene tikukhala naye amangoti munazifuna nokha, anzanu amaonda ndi thukuta inu mumafuna zachidule, ndipo amayankhula zimenezi ana ali pomwepo. Bambo akunyumba nawonso amabwera ndi mbale yodzadza kudzakhala pafupi nane mpaka kunyambita zala, ndikati fungo la mafuta likundinyansa amati ndiye tonse tisiye kudya chifukwa cha iwe? Kuntchito kuli mayi wina akufalitsa zoti ndikudwala matenda aakulu ndikubisa, mayi yemweyo ndi amene ankandiseka kuti mpando wa mu ofesi ndiuthyola. Siketi zonse ndikumanga ndi pini, tsitsi likutsalira m'chipeso, usiku mapazi amachita dzanzi. Kuchipatala sindinabwerereko chifukwa mtsikana wa pa risepishoni anandiyankha mwamwano ulendo watha. Kodi zimenezi zimatha zokha? Nanga mlamuyu ndimutani?

Anambewe: DUMPING imeneyo mwana wanga, musavutike n'kufunsa kwina. Mukudya zotsekemera inu. Ine ndinachita bypass, opaleshoni yoti chakudya chizilambalala mbali yaikulu ya chifu, kalekale gulu lino lisanayambe ndipo ndimadziwa, ukangolawa kanthu ka shuga pakangotha mphindi 10 mpaka 30 thukuta limayamba, mtima kuthamanga, nseru, kenako kuthamangira kuchimbudzi. Chakudya chimakhala chathamangira m'matumbo chisanagayike. Siyani shuga, siyani zakumwa za gasi, nkhani yatha.

Nesi wopuma: Achemwali pepani ndi zomwe mukukumana nazo. Tiuzeni kaye zinthu ziwiri, anakuchitani opaleshoni yanji, sleeve (yodula mbali ya chifu), bypass kapena band (kalamba kothinitsa chifu)? Ndipo papita nthawi yaitali bwanji? Popanda zimenezi aliyense muno angolota.

Achisale Fitness: Mlamu wanuyo sananame, kungoti choonadi chimawawa. Thupi limafuna jimu ndi kudziletsa basi, ine ndaphunzitsa anthu onenepa kuposa inu ndipo pano akuthamanga bwinobwino chifu chawo chili chathunthu. Mumalola bwanji munthu akuduleni chiwalo choti Mulungu anakupatsani chili bwino?

Anambewe: Achisale mwayambanso? Gulu lino ndi la anthu a opaleshoni, inu mumadzatani muno tsiku ndi tsiku, mukusaka makasitomala? Munayamba mwakhalapo ndi shuga, BP ndi kubanika kutulo nthawi imodzi mpaka kumagona ndi mashini kumaso? Amene sangathe kumanga zingwe za nsapato zake mukuti akathamange kuti? Tinayesa majimu anuwo zaka ndi zaka, thupi limatsika pang'ono n'kubwereranso ndi chiwongola dzanja. Ndipo dziwani kuti opaleshoni si kungochepetsa malo a chakudya, imasinthanso mahomoni a njala, mbali ya chifu imene amachotsa pa sleeve ndi imene imapanga kwambiri ghrelin, homoni yokuuza kuti uli ndi njala. Kawerengeni kaye musanabwere kudzalalikira.

Achisale Fitness: Mayi ine sindikulalikira, ndikungoti onani zotsatira zake, munthu akusanza madzi.

Jokala: Bambo akunyumbawo ndawakonda kkkkk akuti tonse tisiye kudya? Sisi mbale yanu muzingowapatsa, pakutha pa chaka adzakhala ali pa mzere wa opaleshoni iwonso mudzabwezere

Nabanda: Ine nkhani ya kusanzayi imandikumbutsa zanga. Nditaonda mofulumira ndinayamba kumva ululu kumanja pansi pa nthiti, umapita mpaka kumsana ndi paphewa makamaka ndikadya za mafuta, ndinkagona pansi pa simenti usiku kufuna pozizira. Aliyense ankati ndi mpweya, apongozi anga ankati ndikudzikometsera kuti ndisagwire ntchito, mpaka anandijambula n'kupeza miyala mu ndulu. Dokotala anati zimachitikachitika kwa anthu oonda mwachangu, ena amawapatsiratu mankhwala oteteza miyezi yoyambirira koma ine sanandipatse. Anachotsa ndulu yonse. Apongoziwo sanapepese mpaka lero, anangobwera kuchipatala n'kumadandaula kuti mpando wa odikirira odwala ndi wolimba.

Anambewe: Nabanda zanuzo ndi zina, uyu sanatchule ululu wa kumanja. Ndi dumping.

Nesi wopuma: Anambewe, dumping imabwera kwambiri ndi thukuta, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba. Mwini nkhaniyu akuti chakudya chikuima pachifuwa ndipo malovu akudzadza mkamwa, zimenezo zimamveka ngati njira yachepa penapake kapena akumeza mothamanga asanatafune. N'chifukwa chake ndikufunsa mtundu wa opaleshoni. Ngati ndi band mwina yathina, amangochotsako madzi ndi jakisoni pa kabatani kali pansi pa khungu. Ngati ndi bypass, polumikizira kathumba ndi matumbo pamatha kufinyika pochira, amalowetsa kamera kukhosi n'kukulitsa ndi kabaluni. Sleeve nayo imatha kufinyika kapena kupindika. Zonsezi sizitha ndi kusiya shuga.

Anambewe: Ine ndikunena zimene ndinadutsamo ndi thupi langa, osati za m'mabuku.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Shuga sindikudya Anambewe, ngakhale mu tiyi ndinasiya. Koma mlamu uja lero wauza anzake pa foni ine ndikumva kuti ndalama zimene zinapita ku opaleshoni zikanagula zinthu zanzeru, chonsecho iye pakhomo pano sagula ngakhale sopo. Ndalira mpaka mutu kuwawa, ndamwa ibuprofen ndagona.

Nesi wopuma: Ibuprofen ayi chonde! Iyeyo, diclofenac ndi ena a gulu limenelo amayambitsa zilonda m'chifu, makamaka kwa a bypass pamalo polumikizira paja. Mutu ukawawa paracetamol, ndipo mufunse adokotala anu. Komanso simunandiyankhebe, opaleshoni yanji, liti?

Mayi a mapasa: Ndifunse mopanda ulemu, mwezi uno mwasamba? Musaseke. Ine ankandiuza kuti kubereka kudzavuta chifukwa cha kunenepa, ndinakhala zaka osatenga pakati ndiye za kulera sindinkazilabadira kwenikweni, ndinkangomwa mapiritsi mwa apo ndi apo. Thupi litangotsika pang'ono ndinayamba kusanza m'mawa ine n'kumati ndi opaleshoni, kupita kukayezetsa akuti muli ndi pakati, ana awiri. Madokotala amati udikire miyezi 12 mpaka 18 usanatenge mimba chifukwa nthawi imeneyo thupi likutsika kwambiri ndipo chakudya chikulowa chochepa, komanso akuti pambuyo pa bypass mapiritsi olera sadalirika, bola lupu kapena ka pamkono. Anawo ali bwino koma ndinavutika, magazi ankangochepa.

Jokala: Ndiye kuti bambo aja sakungonyambita zala zokha kkkkkk

Admin: Jokala chenjezo loyamba. Komanso ndachotsa ndemanga ya munthu amene amagulitsa tiyi wotsuka m'mimba, muno sitigulitsa mankhwala.

Anambewe: Mwachita bwino admin, anthu amenewa ndi amene anatidyera ndalama tisanapite ku opaleshoni. Tsono mwana wanga mvera ine. Mbale yaing'ono, supuni yaing'ono. Kutafuna mpaka chakudya chisanduke phala mkamwa. Chakudya chimodzi chizikutengera mphindi 20 kapena 30, ukamva kukhuta siya pomwepo ngakhale patsale supuni imodzi, supuni imodziyo ndi imene imakusanzitsa. Madzi OSAMWERA pa chakudya, dikira mphindi 30 ukatha kudya, ndipo uzimwa pang'onopang'ono tsiku lonse mpaka akwane lita imodzi ndi theka. Yamba ndi zomanga thupi, magalamu 60 mpaka 80 a puloteni patsiku, zinazo pambuyo. Tsitsilo usade nalo nkhawa, ambiri limathothoka kuyambira mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi kenako limamera, langa linabwerera lonse. Achinyamata a masiku ano mumafuna opaleshoni koma malamulo ake simuwafuna, mukangotuluka m'chipatala mwayamba kale kufunsa kuti mowa ndiyamba liti, osadziwa kuti kapu imodzi pano imakugwetsa.

Wosatchula dzina: Ine mowa sindimwa mayi

Anambewe: Sindikunena iwe, ndikunena ena ali muno akudzidziwa.

Angozo: Pepani kulowerera, ine sindinachite koma ndikuganizira. BMI yanga (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika) ndi 36 ndipo ndili ndi shuga, angandilole? Nanga yabwino ndi iti pakati pa sleeve ndi bypass? Zomwe ndikuwerenga apazi zikundiopsa.

Mphunzitsi wa sayansi: Angozo, malangizo akale a mu 1991 ankati BMI 40, kapena 35 ngati uli ndi matenda ena monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a opaleshoni imeneyi, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa, pano akuti kuyambira 35, ndipo kuyambira 30 kwa amene ali ndi matenda ngati shuga wa mtundu wachiwiri. Pa sleeve amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi, matumbo sawakhudza. Pa bypass amapanga kathumba ka pafupifupi 30 ml n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, chakudya chimalambalala chifu chotsalacho. Ngati mumavutika kale ndi chilungulira muwauze adokotala, sleeve imatha kuchikulitsa.

Anambewe: Bypass basi Angozo. A sleeve theka la iwo amabwera muno kudzalira chilungulira.

Nachisale: Theka lake mwawerenga liti Anambewe? Ine ndili ndi sleeve ndipo ndili bwinobwino, si inu nomwe munatiuza mwezi watha kuti mukubayitsa B12 ndipo ayironi wanu watsikanso? Aliyense ndi thupi lake musamaopseze anthu.

Anambewe: Mavitamini ndi a tonse mayi, a sleeve nanunso mukuyenera kumwa moyo wanu wonse, B12, ayironi, kashiamu, vitamini D. Ngati munasiya ndiye tikuonani.

Achisale Fitness: Mwaona? Mapiritsi moyo wonse. Jimu ilibe zimenezo.

Nachisale: Achisale ngakhale tili a mfunda umodzi apa ndiye ayi, a BP ndi shuga aja tinkamwa aja sanali a moyo wonse?

Mlongo mwa Ambuye: Mwini nkhani ndakuikani m'mapemphero. Mlamuyo mukhululukireni koma mukambirane ndi amuna anu, ndi m'bale wawo, iwo ndi amene ayenera kumuuza kuti pakhomo pa eni sayankhula motero.

Nesi wopuma: Abale nkhani ya mlamu ikhoza kudikira. Mwini positi, chimene chikundidetsa nkhawa ndi dzanzi la mapazi pamodzi ndi kusanza kosalekeza. Thupi limasunga vitamini B1, thiamine, yokwanira masabata awiri kapena atatu okha, munthu akamasanza tsiku ndi tsiku imatha ndipo mitsempha imayamba kuwonongeka, zikapitirira zimafika ku ubongo ndipo zina sizibwerera. Musadikire tsiku la kiliniki, pitani lero. Wa pa risepishoni si amene akukuchizani, mudutseni. Mukafika nenani kuti munachitidwa opaleshoni ya chifu, mukusanza ngakhale madzi, mapazi akuchita dzanzi ndipo mwamwa ibuprofen, mutenge ndi kalata imene anakupatsani potuluka. Akafuna kukuikani dilipi ya shuga afunseni za thiamine kaye. Mukaona kuti mukuyenda mozandima, maso akuona ziwiriziwiri, mukusokonezeka, mkodzo wachepa kwambiri, mwasanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, wina akunyamuleni nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP muwatchulenso, munthu amene sakudya mlingo wakale ukhoza kumugwetsa.

Anambewe: Zimenezo ndi zomwe ndimanena ine kuyambira pachiyambi, apite kuchipatala.

Nachisale: Munati asiye shuga nkhani yatha, tikwere m'mwamba tikawerenge?

Wosatchula dzina: Anesi zikomo, kalata ija ndiyifufuza, ndikuganiza kuti ili mu chikwama chimene mlamu anabwereka osandiuza. Dzina la opaleshoni sindikulikumbuka bwino, anangondiboola timabowo pamimba. Za kusamba Mayi a mapasa ndikuyankhani ku inbox. Bambo akunyumba akuti andiperekeza akaweruka koma akuti galimoto ilibe mafuta.

Mphunzitsi wa sayansi: Timabowo ndi maopaleshoni onse atatu amachita choncho achemwali, sizikutiuza kanthu. Imbani kumene anakuchitaniko, ali ndi failo yanu.

Nesi wopuma: Musadikire kuti aweruke, pezani wina akuperekezeni panopa. Kalata ikasowa pitani opanda kalata.

Angozo: Nanga khungu lolendewera lija limabwerera lokha kapena ndi opaleshoni inanso?

Achisale Fitness: Limenelo ndiye bwerani ku jimu.

Anambewe: Jimu sichotsa khungu Achisale musanamize munthu, imalimbitsa minofu ya pansi pake basi. Angozo tsegulani positi yanu ndikuyankheni bwinobwino, ndili ndi zambiri zoti ndikuuzeni pa nkhani ya khungu, ine pansi pa mimba pankatuluka zilonda nyengo yotentha.